Kalata yotseguka kwa osunga zinthu zakale za dziko lino: bwereketsani, koma tidziwe tsiku lobweza

Olemekezeka a Nduna oona za chikhalidwe, a Mkulu wa Dipatimenti ya Museums and Monuments, ndi inu akuluakulu a National Commission for Science and Technology,

Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina m'boma la Dedza. Ndikukulemberani pa nkhani imene simveka kawirikawiri pa wailesi kapena ku Nyumba ya Malamulo: mafupa, mano, mapale, nsomba za m'mabotolo ndi masamba ouma zimene dziko lino linasungitsa m'manja mwanu, komanso njira imene zinthuzi zimadzera zikamapita kwa anthu ofufuza, a kuno ndi akunja omwe. Pempho langa ndi limodzi. Pitirizani kubwereketsa zinthuzi, ndipo muzibwereketsa mopanda mantha, koma chilichonse chotuluka pakhomo panu chizilembedwa poti Mmalawi aliyense angawerenge: chatuluka n'chiyani, watenga ndani, akachita nacho chiyani, chibwerako liti.

Ndiyambe ndi kuikira kumbuyo kubwereketsako, chifukwa alipo anzanga amene akangomva kuti fupa la ku Karonga lakwera ndege amafuula kuti atibera. Sindigwirizana nawo. Zambiri zimene ndimaphunzitsa ana zokhudza nthaka yathu zinadziwika chifukwa wina analola kuti chinthu chituluke m'kabati n'kukafika pamene pali zipangizo zochiyezera.

Taonani mbiri ya Malawisaurus, chinyama chachikulu chamakedzana cha mtundu wa dinosaur. Mafupa oyamba a chinyama chimenechi anatoledwa m'zaka za m'ma 1920 ndi Frank Dixey, katswiri wa miyala wa boma la atsamunda, ndipo anatumizidwa ku Cape Town, kumene Sidney Haughton anawapatsa dzina lakuti Gigantosaurus dixeyi mu 1928. Kwa zaka zoposa 50 nkhani inaima pomwepo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990, Dipatimenti ya Antiquities inagwirizana ndi akatswiri a ku Southern Methodist University ya ku Dallas, motsogozedwa ndi Louis Jacobs, n'kukakumba ku Mwakasyunguti m'boma la Karonga. Mafupa otere amatuluka pansi atamatirana ndi thanthwe, amakulungidwa m'pulasitala kuti asasweke panjira, ndipo kuwasenda kumatenga miyezi, mwinanso zaka, munthu ali weramu ndi kasingano m'manja. Ntchitoyo itatheka, mu 1993 chinyamacho chinalandira dzina latsopano lotchula dziko lathu. Pa anthu amene analemba lipotilo panali Mmalawi, Elizabeth Gomani, amene pambuyo pake anafotokoza ng'ona yaing'ono yamakedzana ya Malawisuchus mu 1997 ndi chinyama china, Karongasaurus, mu 2005, kenako n'kudzatsogolera ntchito za chikhalidwe m'boma. Mu 2019 fupa la kumutu la Malawisaurus litajambulidwa m'kati ndi makina a CT, akatswiri anaonetsa maumbidwe a ubongo ndi khutu la m'kati la chinyama chimene chinafa zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, popanda kuliswa fupalo. Mgwirizano wabwino umaoneka chonchi: chinthu chatuluka, nzeru yapezeka, mwana wa m'dziko waphunzira ntchito n'kubwerera kudzaigwira kwawo.

Chimodzimodzinso nsagwada yodziwika ndi nambala yakuti UR 501, imene gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza ku Uraha m'boma la Karonga mu 1991. Kuti dziko lonse livomereze kuti ndi ya munthu wamakedzana wa mtundu wa Homo rudolfensis, wa zaka pafupifupi 2.4 miliyoni zapitazo, panafunika kuiyerekeza ndi mafupa a ku Kenya, kuyeza mano ake, kuona mizu yake. Kuchokera pa ntchito imeneyo, ndi khama la anthu a ku Karonga eni ake, tili ndi Cultural and Museum Centre Karonga imene inatsegulidwa mu 2004.

Ndiponso wosunga zinthu sadziwa funso limene zidzayankhe mawa. Anthu a ku Britain amene ankatola mazira a mbalame n'kumawasunga m'madirowa sankaganizirako za mankhwala ophera tizilombo m'minda. Koma mu 1967 Derek Ratcliffe atayeza zikamba za mazira akalewo n'kuziyerekeza ndi zatsopano, anaonetsa kuti zikamba za mazira a akabawi zinayamba kupyapyala cha m'ma 1947, nthawi imene mankhwala ophera tizilombo a DDT anafala. Nsomba imene ili m'botolo ku Monkey Bay kapena tsamba louma limene lili ku National Herbarium ku Zomba zingathe kudzayankha funso lotero lokhudza nyanja yathu kapena phiri la Mulanje. Kuzibisira ofufuza n'kuziwononga mwa njira ina.

Tsono mantha anga ali pati? Ali pa zinthu zimene zimachoka popanda tsiku lobwerera.

Anansi athu a ku Zambia akuidziwa bwino nkhaniyi. Mu 1921 anthu okumba mgodi wa mtovu ndi zinki ku Broken Hill, komwe lero ndi ku Kabwe, anafukula chigaza cha munthu wamakedzana, chimodzi mwa zigaza zosungika bwino kwambiri zimene zinapezekapo mu Africa. Kampani ya mgodiyo inachipereka ku London, ndipo chili ku Natural History Museum. Boma la Zambia lakhala likuchipempha kuyambira m'zaka za m'ma 1970, nkhani inafika mpaka ku komiti ya UNESCO mu 2018, koma ana a sukulu a ku Zambia amaona chofanizira chabe. Kafukufuku pa chigazacho sanaime. Mu 2020 akatswiri analengeza kuti chili ndi zaka pafupifupi 299,000, osati 500,000 monga ankaganizira kale. Nzeru yabwino ndithu, koma amene amalamula kuti chigazacho chiyezedwe liti, ndi yani, m'njira yanji, si anthu a dziko limene chinachokera. Phanga limene chinapezekamo linadyedwa ndi mgodi, moti palibenso pobwerera kukafufuza. Chigaza cha ku Kabwe sichinabwerekedwe, chinangotengedwa m'nthawi ya atsamunda. Ndachitchula chifukwa chinthu chobwerekedwa chimene palibe akuchilondola chimathera pomwepo. Wobwereka amapuma pa ntchito, kapena kumwalira, kapena kusamukira ku yunivesite ina. Amene anasaina chilolezo kuno nayenso amasamutsidwa. Pakatha zaka 20 bokosi lija limakhala lili pa shelefu ya anthu amene sadziwa kuti n'la yani, ndipo tsiku lina amangolilemba nambala yawo. Sipafunika munthu woipa mtima kuti izi zichitike. Kuiwala kokha n'kokwanira.

Lamulo lilipo. Monuments and Relics Act ya 1990 imaletsa kukumba kapena kutulutsa m'dziko zinthu zakale popanda chilolezo, Museums Act ya 1989 imanena za kasungidwe kake, ndipo dziko lathu linalowa m'pangano la Nagoya lokhudza kugawana phindu lochokera ku zamoyo. Koma chilolezo chimagwira ntchito tsiku lotuluka. Chimene ndikupempha n'chogwira ntchito tsiku lobwerera. Chilolezo chilichonse chizikhala ndi tsiku lomaliza, chaka chimodzi kapena ziwiri monga amachitira m'nyumba zambiri zosungira zinthu zakale, ndipo wofuna kuwonjezera nthawi azipempha mwatsopano, atatumiza zithunzi zoonetsa kuti chinthucho chikadali bwino. Mgwirizano uzisainidwa ndi yunivesite kapena myuziyamu imene wofufuzayo amagwirako ntchito, osati iye yekha, kuti munthuyo akachoka pakhale woti timufunse. Wobwereka asamabwereketsenso kwa mnzake popanda kalata yanu. Ndipo amene sanabweze zakale asapatsidwe zatsopano, ngakhale akhale mnzathu wa zaka zambiri, ngakhale akhale kuti anatimangira nyumba.

Akuluakulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Mu 2017 myuziyamu yaikulu ya zachilengedwe ya ku Paris inatumiza ku Brisbane, ku Australia, bokosi la maluwa ouma amene anatoledwa kale kwambiri, ena m'zaka za m'ma 1800, kuti akatswiri a kumeneko akawayeze. Mapepala a pachipata sanakwanire, ndipo makalata akali kuyenda, ogwira ntchito yoteteza dzikolo ku tizilombo analitentha bokosilo. Munali zitsanzo zimene mayina a zomerazo anakhazikikapo, zosatheka kuzipezanso. Ngati izi zinachitika pakati pa France ndi Australia, mayiko okhala ndi ndalama ndi maloya, nanga bokosi lochokera ku Lilongwe lingatetezedwe ndi chiyani? Chinthu chimene chilipo chimodzi chokha padziko lonse chisamapite pa positi kapena ndi kampani yonyamula katundu. Chizinyamulidwa m'manja ndi wogwira ntchito wanu, pa ndalama za wobwerekayo, ndipo mapepala a dziko limene chikupita azikhala atatha chisananyamuke. Ulendo womwewo ndi mwayi woti wogwira ntchitoyo akaone momwe makina amagwirira ntchito. Chisananyamuke chizijambulidwa mbali zonse, kuyezedwa kulemera, ndi kulembedwa ming'alu yonse imene chili nayo, kuti pobwera pasakhale kukangana kuti unali kale kapena wachitika kumeneko.

Palinso zopempha zina zimene yankho lake liyenera kukhala ayi, ngakhale wopemphayo atchuke bwanji. Mu September 2023 fupa la paphewa la Australopithecus sediba ndi fupa la chala la Homo naledi, mitundu iwiri yamakedzana yofanana ndi anthu, onse a ku South Africa, anakwezedwa m'chombo cha kampani ya Virgin Galactic n'kupita nawo kumlengalenga ali m'thumba la munthu wa bizinesi. Chilolezo chinalipo, choperekedwa ndi bungwe la boma loona za zinthu zakale m'dzikolo. Akatswiri ambiri a mu Africa ndi kunja anakwiya, chifukwa panalibe funso la sayansi limene ulendowo unkayankha, pamene chombo chikanaphulika mafupawo akanatheratu. Phunziro kwa ife n'lakuti chidindo cha ofesi pachokha sichiteteza chinthu. Pempho lalikulu lizionedwa ndi anthu angapo odziwa ntchitoyo, kuphatikizapo a m'mayunivesite athu, ndipo funso loyamba lizikhala lakuti: kodi chimene mukufuna kudziwacho simungachidziwe chinthucho chili konkuno, kapena pogwiritsa ntchito chofanizira chake? Funso lachiwiri: kodi sichingakayezedwe pafupi? Ku University of the Witwatersrand kuli makina a CT ojambulira mafupa otere, ndipo ku iThemba LABS ku Johannesburg kuli makina oyezera zaka za zinthu pogwiritsa ntchito kaboni. Si zonse zimene ziyenera kuwoloka nyanja.

Tsopano ndifike pa mbali imene imandilemera kwambiri, chifukwa ili pakhomo pathu pompano. Kafukufuku wina amadya chinthu chimene wabwereka. Kuti adziwe zaka za fupa, akatswiri amadulako kachidutswa, n'kukasungunula ndi mankhwala, n'kukatentha. Kuti apeze DNA ya munthu wamakedzana amaboola dzino kapena fupa lolimba la m'kati mwa khutu, n'kupera ufa. Ufawo ndi wochepa, koma subwerera, ndipo munthu ali ndi mafupa a m'khutu awiri okha. Chotero chilolezo chobwereka ndi chilolezo chodula zisamakhale pa pepala limodzi. Wopempha kudula azinena kuti adula pati, zochuluka bwanji, ndi labotale iti, ndipo chifukwa chiyani akukhulupirira kuti njira yakeyo ibala zipatso. Fupalo lizijambulidwa ndi makina lisanakhudzidwe. Ufa wotsala ndi madzi a DNA otsala zizilembedwa kuti ndi katundu wa Malawi amene akungosungidwa kumeneko. Njira zoyezera zikusintha msanga kwambiri, moti chimene lero chikufuna kachidutswa ngati chikhadabo, zaka khumi zikubwerazi chidzafuna kafumbi chabe. Tisamalize lero zimene Amalawi amene panopa ali ku pulayimale adzafune kuyeza ndi manja awo.

Sindikunena kuti kafukufuku woteroyo ndi woipa. Mu 2017 kunatuluka lipoti la DNA ya anthu amakedzana a ku Hora m'boma la Mzimba, ku Fingira ku Nyika, ndi ku Chencherere kuno ku Dedza, amene anakhalako pakati pa zaka pafupifupi 8,100 ndi 2,500 zapitazo. Linaonetsa kuti anali alenje ndi otola zipatso a mtundu wofananako ndi Asan a kummwera kwa Africa, komanso ndi ubale ndi alenje a kummawa kwa Africa, ndipo kuti anakhala m'dziko lino kwa zaka masauzande alimi asanafike. Mu 2022 lipoti lina linawonjezera ana awiri a ku Hora amene anakhalako pakati pa zaka 14,000 ndi 16,000 zapitazo, amene ali m'gulu la anthu akale kwambiri amene DNA yawo inawerengedwapo kummwera kwa chipululu cha Sahara. Ana a m'kalasi mwanga, amene anakula akumva agogo awo akusimba za Akafula ndipo amadziwa zojambula zofiira za m'mapanga a ku Chongoni, amatchera khutu nkhaniyi kuposa mutu wina uliwonse. Koma amenewa anali anthu. Anaikidwa m'manda ndi abale awo amene ankalira. Kwathu kuno kumanda sikupitidwa wamba, ndipo ngakhale kudula mtengo kumeneko kumafuna chilolezo cha mfumu. Ndikupempha kuti pempho lililonse lobwereka kapena kudula mafupa a anthu lizifika kwa mafumu ndi anthu a dera limene mafupawo anafukulidwa, lisanavomerezedwe, ndipo zotsatira zake zizibwerera komweko m'chilankhulo chawo, Chichewa ku Dedza, Chitumbuka ku Mzimba ndi ku Rumphi. Alipo ofufuza amene amachita kale zimenezi mwa kufuna kwawo, ndipo ndi oyenera kuwathokoza. Koma ulemu wa akufa usadalire mtima wa mlendo amene wabwera chaka chimenecho. Ulembedwe mu mgwirizano. Ndipo poti kukumba m'mapangawa kunayamba kale, J. Desmond Clark anali ku Hora mu 1950 ndi ku Chencherere mu 1972, boma lilembe mndandanda wa mafupa onse a anthu a m'dziko lino amene ali m'mabokosi kunja, ndi kumene ali, kuti akafuna kuyezedwa chilolezo chizichokera kuno.

Chinthu chikabwerera sindiye kuti zonse zabwerera. Masiku ano wofufuza akajambula fupa ndi makina amatsala ndi chithunzi chake chathunthu m'kompyuta, chimene angachiyeze, kuchidula, kuchisindikiza ndi makina kukhala chofanizira, kapena kugawira anzake kwa zaka zambiri. Ngati mgwirizano sunena kanthu za mafayilo amenewa, fupa lidzabwerera ku Lilongwe koma kafukufuku wake adzatsalira komweko. Ethiopia inaonetsa kuti izi n'zotheka kuziyendetsa bwino. Mafupa a Lucy, kholo lamakedzana la anthu lopezeka m'dzikolo, a zaka 3.2 miliyoni, ali paulendo wokaonetsedwa ku America pakati pa 2007 ndi 2013, anajambulidwa ndi makina a CT ku University of Texas ku Austin. Ulendowo anthu anaudzudzula kwambiri, ndipo myuziyamu yaikulu ya ku America ya Smithsonian inakana kuwaonetsa poopa kuti awonongeka. Koma mu 2016 akatswiri atatulutsa lipoti lonena kuti mwina Lucy anafa atagwa mumtengo, mafayilo ena a mafupawo anaikidwa pa intaneti ndi chilolezo cha boma la Ethiopia, kuti aliyense adziyezere yekha. Mwini wake ndiye analoleza. Ifenso tilembe kuti mafayilo onse, zithunzi, manambala a zaka, ndondomeko za DNA, zonse ziziperekedwa kwa inu, ndi kuti lipoti lililonse lotuluka litumizidwe kuno. Ndi manyazi kuti mphunzitsi wa ku yunivesite ya ku Zomba azifunsidwa madola kuti awerenge zimene zalembedwa zokhudza fupa la kwawo. Chofanizira chimodzi chokha cha nsagwada ya ku Uraha chitafika pa sekondale iliyonse ya boma, phunziro la chiyambi cha munthu likanaleka kukhala nkhani ya Kenya ndi Tanzania yokha.

Kubwereketsa kuli ndi mbali ina imene timaiiwala: nafenso tiyenera kubwereka. Nsomba zoyamba za m'nyanja yathu zimene zinapatsidwa mayina a sayansi zinatoledwa ndi John Kirk paulendo wa David Livingstone, ndipo Albert Günther anazifotokoza ku London mu 1864. Ethelwynn Trewavas mu 1935 anatchula mitundu yambirimbiri pogwiritsa ntchito nsomba zimene Cuthbert Christy anatola m'zaka za m'ma 1920. Mkungudza wa ku Mulanje, Widdringtonia whytei, unatchulidwa dzina mu 1894 kuchokera pa nthambi zimene Alexander Whyte anatumiza ku London. M'sayansi ya mayina a zamoyo, dzina lililonse limamangirizidwa ku chitsanzo chimene wolitchula anagwiritsa ntchito. Wophunzira wa ku Bunda kapena ku Mzuzu amene wagwira nsomba yachilendo ku Nkhata Bay sangatsimikize kuti ndi mtundu watsopano asanaiyerekeze ndi zitsanzo zimenezo, ndipo zitsanzozo zili kutali, kuseri kwa viza ndi tikiti ya ndege. Mu 2018 bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutheratu. Pamene tikufuna kudziwa kuti chambo chasintha bwanji m'zaka 100 zapitazi, umboni wake uli m'mabotolo a anthu ena. Nthawi iliyonse imene myuziyamu kapena yunivesite yakunja ikupempha kubwereka chathu, inu muli ndi mphamvu yonena kuti nafenso tikufuna zithunzi ndi miyeso ya zitsanzo za ku Malawi zimene muli nazo, tikufuna malo a wophunzira wathu mmodzi kuti adzaziyeze, ndipo zimene zingayende bwinobwino tikufuna kuzibwereka. Musachite manyazi kupempha. Kupatsana kumayenda mbali ziwiri.

Koma ndikudziwa yankho limene adzakupatsani, ndipo ndi yankho lomwe amapatsa dziko lililonse la mu Africa: kodi muli ndi posungira pabwino? Funsoli nthawi zina limafunsidwa mwachinyengo, pofuna kukana basi. Komabe tisalithawe. Nsomba ya m'botolo imafuna kuwonjezeredwa spiriti, apo ayi imauma. Masamba ouma amadyedwa ndi tizilombo. Mafupa amasweka ndi chinyontho. Moto wa ku National Museum ya Brazil ku Rio de Janeiro, pa 2 September 2018, unawononga gawo lalikulu la zinthu pafupifupi 20 miliyoni usiku umodzi, patatha zaka zambiri ogwira ntchito akudandaula za kuchepa kwa ndalama zokonzera nyumbayo. Anthu amene amasamala zinthu ku Chichiri, ku Mangochi, ku Mzuzu, ku Karonga ndi m'nyumba zosungira katundu za Dipatimenti amagwira ntchito imene sionekera, ndipo pogawa bajeti ntchito yotere ndi imene imayamba kudulidwa. A Nduna, imeneyi ndi mbali yanu. Makabati achitsulo, zozimira moto, denga losadontha ndi munthu mmodzi wolembedwa ntchito yolondola zobwereketsa si zinthu za mabiliyoni. Ndipo ndalama zimene ofufuza amalipira potenga chilolezo zizikathera ku nyumba imene chinthucho chikusungidwa.

Ndisaiwale ofufuza a konkuno. Zimapweteka kuona wophunzira wa m'dziko muno akuyenda ofesi ndi ofesi kufuna kuona mapale kapena mikanda imene mlendo amaonetsedwa tsiku lomwe wafika chifukwa wabwera ndi kalata ya yunivesite yotchuka. Ndondomeko ikhale imodzi, yolembedwa, yopachikidwa pa intaneti ndi pakhomo la ofesi: fomu yake ndi iyi, yankho limatuluka pasanathe masiku akuti, wokanidwa auzidwe chifukwa. Mtengo wa wophunzira wa kuno usafanane ndi wa pulofesa wobwera ndi thandizo la madola. Yunivesite ya ku Zomba, ya ku Thyolo, ya ku Bunda ndi ya ku Mzuzu zizitha kubwereka zinthu zophunzitsira kwa teremu yonse, pa malamulo omwewo a kusaina ndi kubweza.

Zonsezi zikutsamira pa kaundula wa zobwereketsa amene ndapempha poyamba paja. Ngati alipo kale m'mafayilo a ofesi, mutulutseni poyera. Safuna makina odula. Tsamba limodzi la pa intaneti ndi lokwanira, lokhala ndi nambala ya chinthu, kumene chinapezeka, bungwe limene lachibwereka, cholinga chake, ngati chidzadulidwe kapena ayi, tsiku lotuluka, tsiku loyenera kubwerera, ndi tsiku limene chabwereradi. Malo enieni a mapanga ndi manda akhoza kubisidwa poopa akuba, ndipo palibe angadandaule. Kaundula wotere amateteza inu amene, chifukwa mphekesera zoti akuluakulu agulitsa mafupa zimamera pamene anthu alibe poonera. Amatetezanso wofufuza wachilungamo, amene dzina lake lidzaoneka kuti anabweza pa nthawi yake.

Ndikupempha kuti chaka cha boma chino chisanathe mulembere makalata mabungwe onse akunja amene anagwirapo ntchito ndi Dipatimenti ya Antiquities ndi Museums of Malawi kuyambira 1964, kuwafunsa kuti akusunga chiyani cha Malawi ndipo pa mgwirizano uti. Mayankho awo, ndi mayina a amene sadzayankha, mukawaike pamaso pa komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za nkhanizi, ndipo muwasindikize kuti nafe tiwerenge.

Ndatha ine wanu,

Mphunzitsi wa sayansi, Dedza